Mafumu a ku England ankathamangitsiranji mabwana mu London? Mafunso ndi mayankho

Nkhaniyi anthu ambiri akaimva koyamba amaseka, eti mfumu yonse kukhala pansi kulemba chikalata chouza anthu olemera kuti longedzani katundu muzipita kwanu. Osati amphawi, osati mbava, koma zikhwaya zenizeni zokhala ndi minda, mahatchi ndi antchito. Koma zinachitikadi, kuyambira nthawi ya Mfumukazi Elizabeth I, kubwera James I, mpakana mwana wake Charles I, zaka pafupifupi 40 mafumu atatu akulimbana ndi vuto limodzi lomwelo. Mafunso enawa ndayankha mwachidule chifukwa mulibe zambiri, ena ndatalikitsa dala.

Kodi ma gentry amene akunenedwawa anali ndani?

Anali eni malo. Anthu amene sankagwira khasu kapena kuima pa kauntala, ndalama zawo zinkachokera ku lendi ya minda imene anthu wamba ankalima pa esiteti pawo. Pamwamba pawo panali ma lord, amene anali ochepa kwambiri ndipo ankakhala mu House of Lords, nyumba yapamwamba ya palamenti, nde pansi pa ma lord ndi pamene panali ma gentry, ena okhala ndi udindo wa Sir kutsogolo kwa dzina, ena ongotchedwa esquire kapena gentleman basi. Munthu wotereyu ankakhala ndi chinyumba chachikulu pakati pa minda yake, mpando wake wakewake kutsogolo mutchalitchi, ndipo mudzi onse umadziwa kuti bwana ndi uyu. Zikalata za mfumu zinkakhudza magulu onse awiri, ma lord ndi ma gentry, koma ochulukawo ndi amene ankapweteketsa mutu anali ma gentry.

Nde lamulolo linkati chani kwenikweni?

Silinali lamulo lodutsa ku palamenti ayi, zinali zilengezo za mfumu, zosindikizidwa n'kuwerengedwa pagulu. Mfundo yake inali imodzi: ngati ulibe ntchito yeniyeni kunyumba ya mfumu kapena suli nduna, tuluka mu London ndi Westminster, dera loyandikana nalo komwe kunali mfumu ndi makhoti, ukakhale kunyumba yako yakumudzi, ukasamale anthu ako. Elizabeth analengeza zimenezi mu 1596. James anangofika pampando mu 1603 chaka chomwecho n'kulengeza, kenako anabwereza mu 1614, 1615, 1617, kawiri mu 1622, 1623 ndi 1624. Charles naye 1626, 1627, kenako cholimba kwambiri cha pa 20 June 1632 chimene chinapereka masiku 40 kuti aliyense akhale atachoka. Cha mu 1615 chinkafuna kuti amaudindo azikhala kwawo miyezi 9 pa chaka. Mukangoona kuchuluka kwa zakazi mwadziwa kale yankho la funso lomaliza, chifukwa lamulo limene anthu akulimvera sulibwereza kakhumi.

Koma mfumu zinkaikhudza bwanji kuti munthu wamkulu akugona kuti?

Apa nde pagona nkhani yonse. Ife tinazolowera kuti boma ndi maofesi, DC, apolisi, asilikali ku balaki, akalaliki olandira malipiro kutha kwa mwezi. England ya nthawi imeneyo inalibe zimenezi. Polisi ngati imene tikuidziwayi inadzayamba mu London mu 1829, zaka 200 pambuyo pake. Gulu la asilikali lokhazikika kunalibenso. Nde mfumu ikakhala kunyumba yake yachifumu ya Whitehall n'kunena kuti chakuti chichitike ku Devon kapena ku Yorkshire, amene ankachita chinthucho anali ma gentry omwewa, ndipo mosalipidwa salale.

Udindo waukulu unali wa Justice of the Peace, tingoti ma JP. Mfumu inkasankha mabwana a m'dera kukhala ma JP, ndipo ntchito zawo zinali zosawerengeka: kumva milandu ing'onoing'ono kunyumba kwawo komweko, kutumiza oganiziridwa kundende kudikira majaji, kukumana kanayi pa chaka pa khoti la dera lonse, kupereka malayisensi a malo omwera mowa, kuika malire a malipiro a antchito, kuona kuti milatho ndi misewu ikukonzedwa, kuyang'anira malamulo othandiza osauka a 1598 ndi 1601 amene ankati parishi iliyonse izisonkha ndalama zosamalira amphawi ake. Kukagwa njala ndi iwowo amene ankayenda kufufuza nkhokwe za anthu obisa tirigu n'kuwakakamiza kuti akagulitse kumsika. Ena anali ma deputy lieutenant, ntchito yawo kusonkhanitsa amuna a m'midzi kuti aphunzire kugwira zida mwina adani angabwere, ndipo musaiwale kuti zombo za Spain zinabweradi mu 1588. Misonkho imene palamenti yavomereza, owerengera kuti wakuti apereke zingati analinso iwowo.

Nde tangoganizani, bwana wa JP wanyamuka mu October wapita ku London, abwera mu June. Kwawo kuja ndekuti khoti latsekedwa, ofesi ya boma yatsekedwa, polisi yatsekedwa, zonse pakamodzi, chifukwa zonsezo zinali munthu mmodzi. Mfumu sinkadandaula chifukwa chokonda mpweya wabwino wakumudzi, inkaona boma lake laulere likuthawa ntchito.

Zoti azikachereza alendo zija zinali zotani? Mfumu n'kulamula munthu kuti aziphikira anthu?

Eya, ndipo mawu akuti hospitality amapezeka pafupifupi m'chilengezo chilichonse. Koma musaganize za kuitana anzako olemera kudzadya. Tanthauzo lake linali loti nyumba ya bwana izikhala yotsegula, moto usazime kukhitchini, antchito akhale ambiri, alimi a pa esiteti adzadye pa nthawi ya zikondwerero, ndipo zotsala za patebulo, buledi, nyama, mowa wopepuka uja ankamwa ngati madzi, zizipita pageti pomwe osauka ankadikirira. Pachimake pake panali pa Khirisimasi, masiku 12 kuyambira pa 25 December, nyengo yozizira koopsa, ganyu kulibe, chakudya chikuchepa. Ndi chifukwa chake zilengezo zambiri zinkatuluka mu November kapena December, kuti bwana akafike kwawo Khirisimasi isanakwane.

Pali chinanso chakumbuyo. Kale mbali ina ya ntchito yodyetsa osauka ndi apaulendo inkagwiridwa ndi nyumba za amonke, koma Henry VIII anazitseka zonse pakati pa 1536 ndi 1540, ndipo minda yake yambiri inagulidwa ndi mabanja a ma gentry omwewa. Nde anthu ankati mwadya minda ya amonke, nyamulaninso katundu amene amonke ankasenza. Walira mvula walira matope.

Ndipo muone zaka zimene mafumu ankakuwa kwambiri. 1596 inali pakati pa zokolola zoipa zaka zinayi zotsatizana, 1594 mpaka 1597, ndipo mu November chaka chomwecho ku Oxfordshire mnyamata wina kalipentala, Bartholomew Steer, anayesa kumema anthu kuti aukire mabwana otchinga minda, ngakhale anabwera anthu ochepetsetsa moti zinafera m'mazira. 1622 zokolola zinavutanso, bizinesi ya nsalu za ubweya inali itagwa, ndipo mu 1623 kumpoto chakumadzulo, ku Cumberland, Westmorland ndi Lancashire, anthu anafa ndi njala. Chilengezo cha 1632 chinabwera pambuyo pa zokolola zoipa za 1629 ndi 1630. Mantha a boma anali zipolowe, munthu wanjala amene walandira mbale pageti la bwana savuta ngati amene wapeza geti lokhoma.

Nanga iwowo ku London ankakatani?

Choyamba milandu, ndipo chifukwa ichi chinali chenicheni osati chonamizira. Makhoti akuluakulu onse, Chancery, King's Bench, Common Pleas, anali mu Westminster Hall, ndipo ankakhala nyengo zinayi pa chaka, Michaelmas, Hilary, Easter ndi Trinity. Anthu a nthawi imeneyo kusumirana kunali ngati masewera, malire a munda, chuma cha masiye, ngongole, chuma chopita ndi mwana wamkazi kuukwati, mlandu umodzi kutha zaka. Nde bwana amayenera kukaonana ndi loya wake. Ana aamuna ankatumizidwa ku Inns of Court, Gray's Inn, Lincoln's Inn, Inner Temple ndi Middle Temple, ena kukaphunziradi malamulo, ambiri kukangophunzira kuvina, kulupanga ndi kudziwana ndi anthu.

Chachiwiri ndalama. Ukafuna ngongole yaikulu, kugulitsa munda, kugula munda, kupezera mwana wako mkazi wa kubanja la amalonda olemera, zonse madilu ake ankachitikira ku London. Chachitatu mfumu yomweyo, chifukwa maudindo, mapenshoni, ndi ziphaso zoti iwe wekha uzigulitsa katundu wakutiwakuti zinkagawidwa kwa amene akuoneka pankhope. Wakhala kumudzi waiwalika.

Kenako zonjoya, tisanamizane. Royal Exchange imene Elizabeth anatsegulira mu 1571 inali ndi timashopu pamwamba, New Exchange ya Robert Cecil, nduna yaikulu ya James, inatsegulidwa pa msewu wa Strand mu 1609 yodzadza ndi silika, magolovesi, mbale za ku China. Zisudzo ku Globe ndi ku Blackfriars, fodya amene anali atangofika kumene, madokotala odziwika, alaliki otchuka, ndi nkhani zatsopano tsiku ndi tsiku mkati mwa tchalitchi cha St Paul's momwe anthu ankangoyendayenda kugawana mphekesera. Yerekezani ndi kukhala miyezi ya chisanu m'chinyumba chozizira, msewu uli matope okhaokha, wocheza naye ndi m'busa yekha. Komanso ngolo zokokedwa ndi mahatchi zija zitafala, ulendo unaphweka moti banja lonse limatha kunyamuka, osati bambo yekha pahatchi.

Ndipo china chimene anthu sachiganizira: kwa ena tawuni inali yotchipa. Kumudzi ulemu wako umafuna antchito 30 kapena 40 ndi kudyetsa aliyense wobwera, pamene ku London umachita lendi zipinda zingapo, antchito awiri atatu, palibe wodzagogoda kuti bwana tafa ndi njala. Nde ena sankathawa kumudzi chifukwa chofuna kumwaza ndalama, ankathawa abale ndi apageti. Izi sindikufunika kuzifotokoza kwambiri, aliyense amene anazimitsapo foni kumapeto kwa mwezi akumva.

Ndamva kuti James ankanena azimayi, ndi zoona?

Zoona, ndipo mosabisa. Pa 20 June 1616 analankhula mu khoti la Star Chamber, nde mwa zina amvekere chimodzi mwa zifukwa zazikulu zimene mabwana akukhamukira ku London ndi kunyada kwa azimayi, ngati ndi mkazi wapabanja amakoka mwamuna wake, ngati ndi mtsikana amakoka bambo ake, chifukwa fashoni yatsopano sipezeka kwina koma ku London. Mu 1622 analembanso ndakatulo yowauza azimayi okonda London kuti azipita kwawo. Zilengezo za nthawi imeneyo zinafika ponena kuti bambo atha kubwera kudzaona za mlandu wake nyengo ya makhoti, koma mayi ndi ana atsale kumudzi.

Ine apa ndimaona kuti mfumu inangosankha posavuta kumenya. Amene ankasuma milandu, kutchova juga, kusaka maudindo ndi kukongola ndalama anali azibambo. Komanso mayi amene wakhala chaka chonse akuyang'anira khitchini, mkaka, mankhwala a odwala ndi antchito pa esiteti, bambo ali ku London miyezi inayi akuti milandu, mukanamuletsa bwanji kufuna kukaonako? Koma kuti azimayi anakwiya nazo ndi zoona, John Chamberlain, munthu wina wa mu London amene makalata ake alipobe, analemba mmene mabanja ankapakira monyinyirika Khirisimasi ya 1622 itayandikira, ena atayesa kupempha kuti awakhululukire koma osatheka.

London yo inali yaikulu bwanji kuti mpaka mfumu iziopa?

Cha m'ma 1600 inali ndi anthu pafupifupi 200,000, pofika 1650 anali kuyandikira 400,000. Lero zikumveka zochepa koma tawuni yachiwiri, Norwich, inali ndi anthu cha m'ma 15,000 basi. Nde sikuti London inali yoyamba pa mpikisano, inali yokhayokha. Elizabeth anali ataletsa kale mu 1580 kumanga nyumba zatsopano pa mtunda wa mamailosi 3 kuchokera pa mageti a mzinda, koma anthu ankamangabe usiku ndi usana.

James m'mawu ake a 1616 aja anayerekeza London ndi kapamba, kuti kapamba akamatupa thupi lonse limawonda, ndipo anati zikapitirira England yonse idzangokhala London, kumudzi kudzasanduka bwinja. Fanizo limenelo amene anaonapo mwana wotupa kapamba ndi malungo alimva bwino. Bwana mmodzi akabwera sabwera yekha, pali antchito, okwera pa ngolo, atelala, ndi ena ongotsatira fungo la ndalama, mitengo ya chakudya ndi malasha n'kukwera. Kuwonjezera apo mlili: mu 1603 unapha anthu oposa 30,000 mu London, mu 1625 chimodzimodzi. Francis Bacon, nduna ya James yemwenso ankalemba mabuku, anasunga mawu ena amene James ankakonda kuwauza mabwanawa, akuti ku London muli ngati zombo panyanja yaikulu, simuoneka kanthu, koma kumudzi kwanu muli ngati zombo mumtsinje, mumaoneka zinthu zazikulu. Kunyengerera kwanzeru ndithu, kuwagwira pa kunyada kwawo komwe.

Alipo amene analangidwadi kapena kunali kuopseza chabe?

Nthawi ya James kwambiri kunali kuopseza, kuti tikuchotsa pa udindo wa JP, mfumu ikukwiyira, zoterozo. James anali munthu wolankhula kwambiri kuposa kuchita. Charles nde anali wina, wosalankhula koma wouma mutu. Chitatuluka chilengezo cha June 1632, boma linatuma anthu kulemba mayina a mabwana amene anatsalira m'tawuni, ndipo mu November chaka chomwecho loya wamkulu wa boma, William Noy, anatengera bwana wina, William Palmer, ku Star Chamber. Palmer anadziteteza kuti iye ndi mbeta yachimuna, alibe banja loti akasunge nalo nyumba, ndipo nyumba yake yakumudzi inapsa ndi moto. Sizinathandize, anamulipiritsa mapaundi 1,000. Kuti mumve kukula kwa ndalamayi, waganyu wa kumunda nthawi imeneyo ankapeza mapaundi 10 kapena kuposerapo pang'ono pa chaka chonse. Zoona kuti zindapusa za Star Chamber nthawi zambiri zinkadzatsitsidwa pambuyo pake, koma uthenga unafika. Bwana wina, Simonds D'Ewes, amene ankakhala ku Islington, mudzi wa pafupi ndi London, akuganiza kuti ali kunja kwa lamulo, atamva za Palmer ananyamula banja kubwerera ku Suffolk, ndipo analemba modabwa kuti loya wodziwa ngati Noy angalande bwanji ufulu wa anthu wokhala pomwe afuna.

Mu 1635, Noy atamwalira, wolowa m'malo mwake John Bankes anasumira anthu oposa 200 pakamodzi, ma lord, ma Sir, ma gentleman, ndi azimayi omwe. Mlandu wa chigulu choterewu sunathe ndi chilango chachikulu kwa aliyense ngati cha Palmer, unali wongogwedeza mtengo kuti mbalame ziuluke.

Panalibe njira yozembera?

Zinalipo zambiri. Umapempha chilolezo kuti ndikudwala ndikuonana ndi dokotala, mayi ali ndi pakati, mlandu wanga sunathe. Ena ankapeza kaudindo kadzina chabe kunyumba ya mfumu kuti awerengedwe ngati antchito ake. Ena ankangosamukira m'midzi yozungulira London, kapena kupita ku York, Exeter, Norwich, mpaka boma linachita kuwonjezera kuti matawuni enanso ayi, tikuti kunyumba kwanu. Ndipo ambiri ankangochoka milungu ingapo, fumbi likatsika n'kubwerera.

Kodi mfumu inali ndi mphamvu zotere mwalamulo?

Funso limeneli ndi limene linkawawa anthu kuposa ulendo wa pamatope. Mu 1610 jaji wamkulu Edward Coke ndi anzake anafunsidwa za zilengezo za mfumu, ndipo chimodzi mwa zimene zinayambitsa funsolo chinali choletsa kumanga nyumba mu London chomwechi. Yankho lawo linali loti mfumu singapange mlandu watsopano ndi chilengezo pomwe lamulo silinanene kuti ndi mlandu. Nde kukhala m'nyumba ya lendi ku Westminster sunali mlandu m'lamulo lililonse la palamenti. Boma linkazungulira ponena kuti tikukulanga chifukwa chonyoza lamulo la mfumu, ndipo linkapita ku Star Chamber komwe kunalibe gulu la anthu wamba ogamula, oweruza anali nduna za mfumu zomwezo ndi majaji angapo. Wodandaula ndi woweruza kukhala anthu amodzi, mbuzi ikazengedwa ndi afisi mukudziwa mathero ake.

Sinali njira yongopezera ndalama, kapena yobalalitsa otsutsa boma?

Zonse ziwiri zilimo koma osati zokhazo. Charles analamulira popanda palamenti kuyambira 1629 mpaka 1640, nde ndalama ankazisaka m'makona monse: kulipiritsa amene anali ndi minda ya mapaundi 40 pa chaka koma sanabwere kudzalandira u Sir pa tsiku lomuveka ufumu, kudzutsa malire akalekale a nkhalango za mfumu, ndi msonkho wolipirira zombo zankhondo umene unayamba mu 1634. Munthu woona zonsezi akamva za mapaundi 1,000 a Palmer sangalephere kuganiza kuti ndi katapila wina. Koma ndalama zochokera ku milandu ya okhala mu London zinali zochepa poyerekeza ndi njira zinazo. Chimene Charles ankafuna kwambiri ndi chakuti malangizo ake a January 1631, otchedwa Book of Orders, agwire ntchito, ndipo malangizowo ankafuna ma JP azikumana mwezi ndi mwezi n'kumatumiza malipoti a za osauka, mitengo ya tirigu ndi ana oti aphunzitsidwe ntchito. Sungachite miting'i ya mwezi ndi mwezi ku Somerset uli ku Strand.

Za ndale nazo zilipo. James anathetsa palamenti ya 1621 atakwiya mpaka kung'amba ndi manja ake tsamba la m'buku la House of Commons, nyumba ya aphungu, ndipo mu 1620 ndi 1621 anali ataletsa anthu kukamba nkhani za boma mwachisawawa. Mabwana mazanamazana opanda chochita, atakhala m'malo omwera akukambirana za ukwati umene mfumu inkafuna pakati pa mwana wake ndi mwana wa mfumu ya Spain, sichinali chinthu chomusangalatsa. Koma choseketsa n'choti kuwatumiza kumudzi sikunatseke pakamwa, ankalipira anthu olemba makalata a nkhani ku London kuti aziwatumizira sabata ndi sabata, nde mphekesera m'malo mothera mu St Paul's zinkafika mpaka ku Cornwall.

Nanga mafumuwo okha analibe mlandu pa zimenezi?

Anali nawo waukulu, ndipo kwa ine apa ndi pamene nkhaniyi imakoma. James yemweyo wothamangitsa anthu ndi amene anagawa u Sir kwa anthu mazanamazana m'miyezi yoyamba ya ufumu wake, mu 1611 n'kuyambitsa udindo watsopano wa baronet wogulitsa pa mapaundi 1,095. Ma lord anali osakwana 60 pamene ankalowa, pofika 1628 anali oposa 120. Aliyense ankaona mmene George Villiers, mwana wa bwana wina wa gentry wa ku Leicestershire, anakwerera mpaka kukhala Duke of Buckingham chifukwa choti mfumu inamuona n'kumukonda. Nde ukuwaza chimanga pabwalo kenako ukukalipira nkhuku kuti zabweranji.

Charles naye chimodzimodzi. Zaka zomwe ankazenga Palmer, anali atapereka chilolezo kwa Earl of Bedford, pa mtengo wa mapaundi 2,000, kuti amange Covent Garden, nyumba zokongola zojambulidwa ndi Inigo Jones zoyenera anthu apamwamba. Anthu apamwamba ake ati, ngati onse akuyenera kukhala kumudzi? Mu 1637 anatsegulira anthu Hyde Park, malo amene anasanduka poonetsera ngolo ndi zovala. Makhoti sanawasunthe ku Westminster, maudindo sanasiye kugawira ku Whitehall. Dzanja limodzi likukankha, linalo likukodola.

Anthu wamba kumudziko ankawafunadi mabwanawa?

Zimatengera bwana wake. Bwana akakhalapo ndalama ya lendi imazungulira pompo, wosula zitsulo, wophika buledi, wochapa, onse amapezako, ndipo ukakhala ndi dandaulo umakalankhula ndi mwini wake osati kapitawo amene ntchito yake ndi kufinya lendi kuti atumize ku tawuni. Koma zilengezo zija zinkajambula chithunzi chokongola mopitirira, ngati kuti bwana aliyense ndi tate wa mudzi. Ambiri mwa amene ankatchinga minda ya onse ndi mipanda kuti aziwetamo nkhosa, mpaka midzi ina kutheratu, anali mabwana okhala pompo. Zipolowe za mu 1607 ku Northamptonshire, Warwickshire ndi Leicestershire zinali zogwetsa mipanda imeneyi, ndipo pa Newton amene anasonkhanitsa antchito awo ndi zida n'kupha anthu oposa 40 anali ma gentry a m'deralo. Nde kukhala ndi bwana pafupi pena ndi mbale ya nyama pa Khirisimasi, pena ndi chikwapu chaka chonse.

Maiko ena ankachitanso chonchi?

Ena ankachita zosemphana kwenikweni. Ku Japan mu 1635, chaka chomwe Bankes ankasumira anthu 200 aja, wolamulira dzikolo Tokugawa Iemitsu anakhazikitsa lamulo loti akalonga a zigawo azikhala ku likulu lake la Edo chaka china, kwawo chaka china, akazi ndi ana awo n'kumatsala ku Edo ngati chikole. Ku France Louis XIV anasamutsira boma ku Versailles mu 1682 n'kumaonetsetsa kuti wofuna zabwino azioneka pamaso pake. Kusiyana kwake n'kwakuti mfumu ya France inali ndi akuluakulu ake olipidwa oyendetsa zigawo, nde inkafuna olemekezeka akhale pafupi pomwe ingawaone. Ya England inalibe anthu oterowo, ikawasunga pafupi ndekuti kumudzi kulibe boma. James mwini wake ankanyoza kuti zokhala m'mizinda ndi khalidwe la ku Italy, ife tisunge chikhalidwe chakale cha England.

Pomaliza zinatheka?

Kwa kanthawi kochepa eya, makamaka 1622 ndi 1632 anthu anachokadi moti eni nyumba za lendi ndi amashopu anadandaula kuti bizinesi yafa. Koma chizolowezi sichinasinthe. Mu 1640 Charles anakakamizika kuitanitsa palamenti chifukwa cha nkhondo ndi Scotland, ma gentry aja anabwera ku Westminster mwalamulo tsopano, atanyamula madandaulo a zaka 11, ndipo mu 1641 anathetsa Star Chamber. Khotilo litapita panalibenso ndodo yomenyera munthu wokana chilengezo. Nkhondo yapachiweniweni inayamba mu 1642, Charles anadulidwa mutu pa 30 January 1649 kutsogolo kwa Banqueting House ku Whitehall. Sindikunena kuti anafera nkhani ya malo ogona ayi, zifukwa zazikulu zinali chipembedzo, misonkho ndi mphamvu za palamenti, iyi inali kamwala kamodzi mu nsapato.

Ufumu utabwerera mu 1660 mabwana anayamba kumanga ndi kugula nyumba zawozawo kumadzulo kwa London, St James's Square, Bloomsbury, kenako Mayfair, ndipo palamenti itayamba kukumana chaka ndi chaka kuyambira 1689 kalendala inakhazikika yokha: miyezi yozizira mpaka kumayambiriro kwa chilimwe m'tawuni, kenako onse kubwerera ku maesiteti kukaona zokolola, kusaka nyama ndi kukhala pa khoti la dera. Ma JP osalipidwa aja anapitiriza kuyendetsa zigawo za kumudzi mpaka 1889 pamene makhonsolo osankhidwa anatenga ntchitoyo.